Masamba Pamsewu, Mipando Panja

LOLEMBA, m'mawa

Zofunika kuthana nazo china chilichonse chisanachitike:

1. Bwana ayankhe funso limodzi: kodi ofesi yanga ya mauthenga ikhala payokha, kapena imezedwa ndi ofesi yotsatsa malonda ya a Mwale?
2. Ndisapse mtima.
3. Ndisaphwanye lamulo ngakhale limodzi sabata yonse ino, kuti pasapezeke wonena kuti ndinasokoneza dala.
4. Lipoti lopita kwa Bwana lithe pofika Lachisanu.
5. Mankhwala a m'mimba.

Ndilembe mwadongosolo, chifukwa mutu ukatentha ndimaiwala chimene chinayamba. Kampani yathu imagula nsawa kwa alimi, makamaka a ku Kasenengwa, n'kupanga chiponde. Ntchito ya a Mwale ndi yoti anthu agule chipondecho. Ntchito yanga ndi yoti anthu adziwe zimene ayenera kudziwa, zokoma ndi zowawa zomwe: mtengo watsika, sikelo yawonongeka, lole sibwera, pepani ndi zovuta zimene zakugwerani. Ndimalankhula pa wailesi Lachiwiri lililonse madzulo. Alimi dzina langa salidziwa, nkhope yanga sanaionepo. Amanditchula a Tamverani, chifukwa ndimayamba ndi mawu akuti, "Tamverani, alimi anzanga."

Bwana apita ku Lusaka. Asananyamuke ati: "Nonse awiri mumalankhula ndi anthu. Kampani imodzi ikhale bwanji ndi pakamwa pawiri? Sabata ino tiyese. Mauthenga akhale pansi pa a Mwale, kenaka aliyense andilembere mmene zayendera."

Funso limeneli ku koleji tinalikangana temu yonse, silinathe. Bwana akufuna lithe Lachisanu.

LOLEMBA, masana

A Mwale abwera ndi sikuludiraiva, akumwetulira. Sindinawaonepo asakumwetulira. Akumasula chikwangwani cha pachitseko changa uku akunena kuti, "Akulu, musadandaule, tsopano ndife banja limodzi."

Malamulo a banja limodzili:
uthenga uliwonse udutse patebulo pawo, ausaine;
uthenga uliwonse utchule chiponde;
nkhani zoipa ziyambe zadikira, chifukwa "nkhani yoipa sigulitsa kanthu."

Chowawa n'chakuti lamulo loletsa wantchito aliyense kulankhula m'dzina la kampani popanda chilolezo ndinalilemba ndine. Ndinalimata pakhoma ndi manja angawa, ndinaphunzitsa aliyense mpaka mlonda. Wopereka chilolezo ndinali ine. Lero ndi a Mwale.

Uthenga woyamba wa sabata: lole yokagula nsawa sipita ku Kasenengwa Lachitatu, ili ku garaja. Ndaupereka. A Mwale auwerenga, aupinda, autsindira ndi botolo la chiponde.

Pachitseko, pamene panali chikwangwani, patsala banga loyera. Likuoneka ngati pakhoma pamene panali chithunzi cha munthu amene banja linasiya kumutchula.

LACHIWIRI

Foni ya ofesi, imene alimi amaimbirapo, yatengedwa. Ili m'katoni, yozimitsa, ikudikira kuti aiikemo kanyimbo kotsatsa chiponde kuti woimba azikamva asanayankhidwe.

Pulogalamu yanga ya pa wailesi yachotsedwa. M'malo mwake mulowa kanyimbo komweko ndi mpikisano. Ndapempha kuti ndikalankhule mawu awiri okha, otsanzika alimi ndi kuwauza za lole. A Mwale ati kutsanzika kumabweretsa chisoni, ndipo chisoni sichigwirizana ndi chiponde.

Ndiwachitire chilungamo: si opusa. Akuti mlimi wogulitsa nsawa ndi mayi wogula botolo pamsika wa Kapata nthawi zina ndi munthu mmodzi yemweyo, ndiye asamamve mawu awiri osiyana. Ndalemba mfundo imeneyi mu lipoti, pansi pa mutu wakuti "Zimene anzathu akunena zoona." Mutuwu uli ndi mzere umodzi.

Madzulo. Kanyimbo kaja sikanathe, woimba wake mawu aphwa ndi chimfine. Palibe amene wauza a wailesi choti achite.

Ndili kunyumba ku Kapata, magetsi azima, mkazi wanga, mayi a Dalitso, aika mabatire mu wailesi. Nthawi yanga yakwana. Woulutsa akuti: "Pulogalamu ya a Tamverani lero kulibe. Sitinauzidwe zambiri." Kenaka chete pang'ono. Kenaka kwaya, yodekha, yokoka, ya mawu a amayi okhaokha.

Mayi a Dalitso: "Nyimbo zimenezi amaika akamwalira munthu wamkulu."

Ndikuwauza kuti n'zongodzazira nthawi.

Wailesi ya kuseri kwa mpanda ikuimba nyimbo yomweyo. Ya nyumba yotsatira chimodzimodzi. Ndatuluka panja kukaona ngati magetsi ayaka kwina, ndapeza mzere wonse wa nyumba zathu ukuimba nyimbo imodzi mumdima wa chisisira, popanda munthu wolankhula.

Ndamwa mankhwala a m'mimba.

LACHITATU

Ndafika, ndapeza tebulo langa, mipando yanga, kabati ndi benchi la alendo zili panja, pansi pa mtengo wa mango. Chipinda changa akufuna kuchipenta chikasu, chikhale choonetseramo katundu. Ine ndikakhala kwa a Mwale, koma kwa a Mwale kwadzaza makatoni, ndiye "pakadali pano, akulu, mpweya wabwino." Openta sanabwere. Chipinda chili mbee, chitseko chili chotsekula.

Ndikugwira ntchito pansi pa mango. Nyerere zalowa mu lipoti.

Galimoto ya a Mwale ya zimkuzamawu, yozungulira m'makomboni kutsatsa chiponde, yafera pageti penipeni. A Sakala, dalaivala, athyola nthambi n'kuziyala pamsewu uku ndi uku, monga amachitira aliyense galimoto ikafa. Kenaka anthu aikankhira m'kati, kuseri kwa nyumba. A Sakala apita kukafuna makaniko. Masamba atsala pamsewu.

Masana. Ndikuona chinthu. Anthu a njinga, amene masiku onse amadutsa pano akuliza belu ndi kutukwanizana, akafika pa masamba akutsika, akukankha njinga. Bambo wina wavula chipewa. Minibasi yochokera ku msewu waukulu wa ku Lusaka yazimitsa nyimbo, yadutsa pang'onopang'ono, nkhope zonse zili kumawindo. Mayi wina wosenza dengu waima, wayang'ana mipando ili panjayi, wayang'ana chitseko chotsekula chija, wagwada pang'ono n'kupitirira.

Ndinakulira kumudzi. Masamba pamsewu popanda galimoto yakufa, katundu wa m'nyumba ali panja: ndikudziwa chimene anthu akuwerenga. Maliro.

Ndathamangira kwa a Mwale. Ati: "Asiyeni masambawo, akulu. Simukuona kuti aliyense akuchepetsa liwiro? Chikwangwani chathu cha pageti sichinawerengedwepo chonchi."

Ndaganiza zokawachotsa ndekha. Koma masamba pamsewu ndi uthenga. Kuwachotsa ndi uthenganso. Onani nambala 3 ya Lolemba.

Ndalemba pempho loti masamba achotsedwe. Lili pansi pa botolo la chiponde, pamwamba pa uthenga wa lole.

Ku Kasenengwa anthu adikira lole tsiku lonse ndi matumba awo. Ndikudziwa ngakhale palibe wandiuza.

LACHINAYI, m'mawa

Masamba a dzulo anafota. Wina waika atsopano.

M'bwalo mwa kampani muli anthu. Abambo akhala pansi pa mango, pa mipando yanga, pa benchi, ena pa njerwa. Amayi ali m'chipinda changa chopanda kanthu chija, ayala zitenje pansi, atambalala. Njinga zatsamira mpanda wonse. Palibe wolankhula mokweza. Wofika akuzungulira kupereka moni wa m'manja, mwakachetechete, n'kupeza pokhala.

Ndafunsa mlonda chifukwa chake wawalowetsa. Wati: "Anthu obwera chonchi sabwezedwa, bwana." Ndamufunsa ngati wawauza kuti pano palibe zovuta. Wandilozera pakhoma: "Ine sindiloledwa kulankhula za kampani. Munalemba ndinu."

Pokhala ndasowa, ndiye ndakhala pa muzu wa mango, chikwama pamiyendo. Pambali panga pali bambo wachikulire, jekete lakuda, kolona m'manja. Ndi a Jere, katekisi wa ku Kasenengwa. Mawu awo ndikuwadziwa, amaimba foni kawirikawiri kudzafunsa mtengo.

Ndanong'ona: "Zachitika liti?"

"Lachiwiri. Wailesi inangoimba nyimbo. Foni yawo yazima. Dzulo lole sinabwere, popanda mawu. Munthu uja sanatisiyepo pamsewu osatiuza. Tinatuma munthu panjinga, anapeza masamba, katundu ali panja."

Ndafunsa kuti ndani, ngakhale ndikudziwa.

"A Tamverani."



LACHINAYI, masana

Zimene ndamva za ine nditakhala pa muzu:
ndinali wamtali, wonenepa, wa ndevu;
ndinali ndi ng'ombe ku Katete;
mtengo ukatsika ndinkayamba ndapuma kaye, ngati munthu amene zikumuwawa;
pamene apongozi a mayi wina anamwalira, ndinatchula dzina lawo pa wailesi molondola, ndi mfunda womwe;
shuga ndi imene yanditenga. Ena akuti ayi, ndi anzanga a kuntchito.

Ine ndine wamfupi. Ndevu sizimera. Ng'ombe ndilibe.

Za kupuma zija ndi zoona. Sindinkadziwa kuti zimamveka.

Anzanga a mu ofesi akudutsa m'bwalo mitu ili pansi. Palibe wandipatsa moni lero. Ndikumvetsa: kundipatsa moni pamaso pa anthuwa kungakhale kulengeza chinthu popanda chilolezo. Komabe munthu akadutsa pafupi nawe, maso ake n'kupyola pa iwe kukagwera pa mtengo, umayamba kudzigwira manja kuti uone.

Ndalemba chikalata cholengeza. Chachifupi kuposa zonse zimene ndinalembapo: "Kampani ikudziwitsa alimi onse kuti a Tamverani ali moyo. Pepani chifukwa cha lole."

A Mwale ali pawindo, akuyang'ana khamulo. Maso awo akuwala. "Akulu, mukudziwa kuti chikhalire anthu sanadzazepo chonchi pabwalo pano? Ngakhale tsiku lotsegulira." Alamula buledi ndi chiponde, munthu aliyense alandire. Anthu akudya mwaulemu, osayang'ana botolo.

Chikalata changa chabwerera chitakonzedwa: "A Tamverani ali moyo, ali ndi mphamvu, chifukwa m'mawa uliwonse amadya chiponde chathu! Nanga inu?" Mawu akuti pepani afufutidwa.

Ndakana. Sindingauze anthu amene asiya nsawa zawo padzuwa, n'kupalasa njinga kuchoka ku Kasenengwa, kuti misozi yawo inali chiyambi cha malonda. Ndiponso chiponde chimandiotcha pamtima.

A Mwale akananso changa. Akuti chikuoneka ngati kampani inalakwa.

Tatumiza zikalata zonse ziwiri kwa Bwana kuti asankhe. Foni yawo ikungoitana.

LACHISANU, m'mawa

Anagona pompano. Pakati pa bwalo pali phulusa la moto. Amayi akuimba m'chipinda changa, ndipo popeza mulibe katundu, mawu akumveka ngati akuchokera pansi pa nthaka. Anthu awonjezeka.

Sikelo ya kampani ili yokhayokha. Palibe wabweretsa nsawa. Pamaliro sagulitsa. Makina opera chiponde azima chifukwa phokoso lake likuchititsa manyazi ogwira ntchito.

A Jere ndi akuluakulu ena apita kwa a Mwale kukafunsa za thupi ndi tsiku loika. A Mwale sangathe kunena nkhani yoipa, ndipo yabwino sinavomerezedwe. Awayankha mmene amayankhira pa mpikisano: "Zonse tilengeza posachedwa. Khalani tcheru!"

A Jere abwerera, akhala pansi, ati: "Thupi akulibisa."

Lipoti. Mfundo yanga yaikulu inali yakuti pakamwa pogulitsa sipatha kunena kuti pepani, ndipo kampani imene singathe kunena pepani, anthu amayamba kudziyankha okha. Umboni wake wakhala panja, ukudya buledi. Ndasuzumira lipoti la a Mwale: ajambula khamu lomweli, alemba pansi pake kuti, "Zotsatira za sabata yoyamba."

Malipoti onse awiri apita. Bwana ali zii.

LACHISANU, masana

Ndalephera nambala 3.

Mayi wina anayamba kulira mokweza m'chipinda muja, akutchula kuti adzawauza ndani tsopano mtengo weniweni. Miyendo yangoimirira yokha. Ndaima pakati pa bwalo, ndavula magalasi, ndapuma, ndati ndi mawu anga onse a pa wailesi:

"Tamverani, alimi anzanga. Ndine amene. Sindinafe."

Mayi wina wachita chizindikiro cha mtanda. Amayi atulukira pachitseko, akuyang'ana pamwamba pa mutu wanga, pamene pakanakhala nkhope ya munthu wamtali.

Kenaka bambo wina waseka. Wina waseka. Bwalo lonse laseka, misozi ili m'masaya, ena akuomba m'manja.

"Mdzukulu ameneyu ndi katswiri!"

Anditenga ngati mmodzi wa adzukulu, anthu aja amene pamaliro amakumba manda, kupereka uthenga ndi kutsanzira malemu kuti olira apumeko. Kwathu amavala ngakhale chipewa cha womwalirayo n'kumayenda mmene ankayendera. Ndinaziona ndili mwana. Sindinaganizepo kuti ndidzatsanzira ine ndemwe.

Ndabwereza kuti ndine amene. Aseka kwambiri. "Bwerezanso za mtengo wa nsawa!"

A Jere andikokera pambali. "Mwayesetsa, bambo. Koma malemu sankathamanga chonchi. Ankakoka pa 'anzanga'. Ndiponso mawu awo anali ndi thupi. Anu ndi opyapyala."

Andiyeseza kawiri. Kachiwiri ati ndayandikira.

Pawindo, a Mwale akulemba kanthu. Madzulo ndapeza kalata patebulo langa pansi pa mango: ndalankhula kwa anthu popanda chilolezo, ndipo sindinatchule chiponde. Kope lapita kwa Bwana.

A Jere ati popeza kampani yalephera mwambo, mawa adzukulu apite kukaona mayi wamasiye. Afunsa ngati ndikudziwa kunyumba kwa malemu.

Ndikudziwa.

LOWERUKA

Sabata yonse ndakhala ndikupempha kuti ndiloledwe kupereka uthenga umodzi. Lero ndapatsidwa uthenga woti ndipereke, wosafuna siginecha ya a Mwale. Ndi wa imfa yanga.

Sindinawachenjeze mayi a Dalitso. Kuyambira Lachinayi ndakhala ndikuwauza kuti kuntchito kuli alendo. Ndinkaganiza kuti Bwana ayankha zisanafike apa.

Tikuyenda m'Kapata pamzere, ine patsogolo. Pambuyo panga a Jere, akuluakulu ena, amayi osenza nkhuni ndi ufa, njinga yomangirira nkhuku. Pamsika anthu akutipatsa njira. Wogulitsa tomato amene ndimagula kwa iye tsiku ndi tsiku wandiyang'ana, wayang'ana nkhuni, watsitsa maso.

Ndili ndi pulani yatsopano: mkazi wanga akandiona anena yekha kuti ndine mwamuna wake. Iye si wantchito wa kampani. Lamulo silimukhudza.

Tafika. Mwambo ndi mwambo, ndagwada pakhomo panga ndemwe. Mayi a Dalitso atuluka ndi tsache m'manja.

"Bambo a Dalitso, mwayamba kumwa?"

A Jere alankhula m'malo mwanga, modekha, mozungulira monga kuyenera: kuti mtengo waukulu wagwa, kuti amva ndi wailesi, kuti abwera kudzakhala nawo. Mayi a Dalitso akuyang'ana ine, akuyang'ana nkhuku, akuyang'ananso ine.

"Koma mwamuna wanga ndi uyu wagwadayu."

Ndapuma. Zatha!

Sizinathe. Akuluakulu ayang'anana. Mayi wina wagwira pakamwa. A Jere atsitsa mutu, ati ndi mawu otsika:

"Mayi, thupi lisanaoneke n'komwe?"

Wina kumbuyo: "Za m'tauni."

Wina: "N'chifukwa chake mawu akuwatha. Ankabwera pakhomo pano malemu ali moyo."

Mayi a Dalitso atulutsa chithunzi cha ukwati wathu. A Jere achiyang'ana, ati chikungotsimikiza kuti nkhaniyi inayamba kale. Ndatulutsa chitupa changa. Pali dzina langa lenileni, limene sanalimvepo. Palibe pamene palembedwa kuti Tamverani.

Ndawafunsa chimene chingawakhutiritse. A Jere ati: "Ife munthu uja tinkamudziwira pa wailesi ya kampani. Wailesi ndiyo inatiuza kuti kulibe. Ngati ali moyo, alankhule pa wailesi, kapena kampani inene ndi pakamwa pake. Inu ndinu ndani kuti tikukhulupirireni?"

Funso labwino. Ndikanakhala pa ntchito yanga yakale, ndikanawayankha chimodzimodzi: musamvere mphekesera, dikirani mawu a kampani. Ndinawaphunzitsa ndine, Lachiwiri ndi Lachiwiri.

Nkhuni ndi ufa asiya, chifukwa ati mwana wa malemu sanalakwe. Atapita, mayi a Dalitso akhala pakhonde, ati: "Nkhuni sindibweza, magetsi kulibe. Koma mbiri imene mwandipatsa lero, mukaichotse nokha. Mawa ku tchalitchi musakhale pafupi ndi ine."

Dalitso akundiyang'ana kuchokera kuseri kwa chitseko. Ndamuitana. Sanabwere msanga.

LAMULUNGU

Misa yoyamba. Ndakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo. Pa mapemphero a omwalira atchula maina, ndipo lomaliza ndi "a Tamverani, amene ambiri tinkawamva pa wailesi." Mpingo wonse wayankha kuti ause mumtendere. Ndazindikira kuti pakamwa panga payankha nawo.

Ndadzera ku kampani. Masamba ndi atsopano. Anthu achepa, ambiri abwerera kukaona nsawa zawo, koma akuluakulu alipo. A Mwale kulibe, Lamulungu sagwira ntchito. Pageti apachika nsalu yachikasu yothokoza "makasitomala athu okondedwa chifukwa chobwera mwaunyinji."

Chipinda changa achisesa bwino. Pakati pake ayala mphasa. Pa mphasapo pali thunthu la nthochi, lalitali, lonenepa, lofunditsidwa nsalu yoyera. Pamwamba pake aika chikwangwani cha pachitseko changa, chimene achipeza m'katoni: OFESI YA MAUTHENGA.

A Jere afotokoza. Munthu akatayika thupi osaoneka, makolo ankaika thunthu la nthochi m'malo mwake, kuti maliro athe, anthu abwerere kuminda. Sangadikire kampani mpaka kalekale. Akaika ku Kasenengwa, Lachiwiri m'mawa. Asankha thunthu lalikulu kuti lifanane ndi malemu.

Ndaima nthawi yaitali ndikuliyang'ana. Likuoneka lopuma bwino kuposa ine.

Pulogalamu ya pa wailesi ndi Lachiwiri madzulo. Maliro ndi Lachiwiri m'mawa. Ndawerengera mbali zonse, sizikusintha.

Zimene zatsala pa mndandanda wa Lolemba: nambala 2 ndasunga. Nambala 3 ndinaphwanya. Nambala 4 inatha koma palibe waiwerenga. Nambala 5 yatha, ndigule ena. Nambala 1 ili pomwe inali. Sabata yoyeserera yatha lero, koma a Mwale akuti malamulo ake akhalabe mpaka Bwana atanena china.

Sindikulimbananso kuti ofesi ikhale ya ndani. Tebulo likhale kwa a Mwale, likhale pansi pa mango, zilibe kanthu. Ndalembera Bwana uthenga uwu, ndikuukopera muno kuti pakhale umboni woti ndinalemba ndili moyo:

"Bwana, pepani kukusokonezani pa tsiku lopuma. Funso la maofesi awiri mungathe kuliganizira mofatsa. Chimene ndikupempha ndi chilolezo cha mzere umodzi, wopanda chiponde, woti uwerengedwe pa wailesi mawa Lolemba: kuti ndilipo, ndipo kampani ikupepesa chifukwa cha lole. Ngati mukuona kuti chiponde chiyenera kutchulidwa, chitchulidwe kumapeto, ndavomera. Chonde yankhani msanga. Lachiwiri m'mawa akundiika, ndipo popeza ndine mdzukulu, khasu andipatsa kale."